Tsiku Limene Phala Linatsekemera

Panali munthu wina amene anakalambira m'minda ya nzimbe. Anatsikira kuchigwa ali mnyamata, nadula nzimbe mpaka msana unayamba kukana. Atapuma ntchito anabwerera kwawo kumapiri, kumene mkazi wake ankasunga nyumba ndi kamunda zaka zonsezo. Anthu ankamuitana ndi chiwongo chake, a Soko. Mkazi wake anali Nambewe.

Munthuyu ankakonda zotsekemera, ndipo sankachita nazo manyazi. Mu tiyi ankathira shuga mpaka supuni kulemera potakasa. M'phala shuga, mu thobwa shuga, ndipo ngakhale popita kumaliro m'thumba la jekete simunkasowa kachidutswa ka nzimbe. Mkazi wake akamudzudzula, iye ankaseka n'kunena kuti shuga anadya unyamata wake, tsono yafika nthawi yoti naye amudye. Amuna otere mukuwadziwa. Ena mwakhala nawo benchi limodzi pompano.

Chaka china anayamba kumva ludzu losatha. Ankamwa madzi ngati ng'ombe, koma thupi n'kumangotha. Kenaka pachala chachikulu cha phazi panatuluka kachilonda kosapola. Atapita kuchipatala anamuuza kuti ali ndi matenda a shuga. Anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse, namuuza kuti ngati moyo akuufuna, zotsekemera asiye.

Mawu amenewa anawamvetsa ndi Nambewe kuposa mwini matenda. Atangofika kunyumba anatenga shuga yense amene anali m'kabati n'kukapereka kwa anansi. Nayenso analeka kuthira shuga, kuti mwamuna wake asamamve supuni ikulira m'kapu ya mnzake. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankaphika phala la mgaiwa lopanda kanthu, ndi tiyi wakuda bii.

Mwamuna uja anakana. Ankalawa kamodzi n'kukankha mbale, n'kunena kuti akumudyetsa utuchi. Anachonderera, anakalipa, anakhala masiku osalankhula. Anafika ponena kuti mkazi wakeyo ndi wouma mtima kuposa kapitawo wa kumunda wa nzimbe. Nambewe ankangotola mbale ija, kukaitenthetsa, n'kubwera nayonso. Shuga sanagule. Koma mtima unkamuwawa kwambiri, chifukwa mwamuna amene ankasenza mtolo wa nzimbe paphewa limodzi tsopano ankachita kuboola lamba mabowo atsopano kuti thalauza isagwe.

Tsiku lina atapitanso kuchipatala, namwino anamukweza mwamuna uja pasikelo, anayang'ana chilonda, napukusa mutu. Anamuuza kuti akadikire panja pabenchi, n'kuitana Nambewe yekha, n'kutseka chitseko.

"Mayi, bambowa sakudya," anatero namwino. "Mapiritsi awa safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo chilonda sichingapole munthu ali ndi njala. Shuga ayi, koma pezani njira, adye. Akamadya n'kumamwa mankhwala, mukhala nawo zaka zambiri."

Nambewe anatuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mwamuna wake sanamve liwu ndi limodzi lomwe la zimene zinakambidwa. Anangoona chitseko chikutsekedwa, kenaka anaona misozi.

Tsono kuseri kwa nyumba yawo, mumthunzi wa nthochi pamene chinyontho sichitha, panali kamtengo kena. Nambewe anapatsidwa kamtengoko ndi sisitere wina wochokera kumadzulo kwa Africa, nthawi imene ankaphika kumishoni. Kanabwera m'chitini, kanakula mwaulesi, ndipo kanatha zaka kasanabale. Zipatso zake n'zazing'ono, zofiira ngati khofi wakupsa, njere imodzi mkati ndi mnofu wochepa. Kuno zilibe dzina. Ukatafuna sumva kanthu kwenikweni, mwana akhoza kulavula. Koma mnofuwo ukafika lilime lonse, chowawasa chilichonse chimene ungadye pambuyo pake chimatsekemera. Ndimu amene amakwinyitsa nkhope umamuyamwa mpaka kufuna wina. Ndimuyo sasintha ayi, chimene chimasintha ndi lilime. Ndipo pakapita kanthawi kokwana kudya, kucheza pang'ono ndi kutsuka mbale, lilime limabwerera mwakale.

Sisitere uja anamuonetsa zimenezi kamodzi kokha, akuseka, ali ndi ndimu m'manja. Nambewe anazisunga mumtima ndipo sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu palili. Mkazi akadyetsa mwamuna kachipatso kachilendo kuti zinthu zizimukomera, mawa lake pachitsime yamveka kale kuti ndi kondaine. Komanso mwamuna wakeyo anali atatopa ndi masamba, mizu ndi makungwa zimene achibale ankabwera nazo. Ukangotchula kuti mankhwala, ankatseka pakamwa ngati mwana.

M'mawa mwake Nambewe anaphika phala lija, koma ulendo uno anasungunuliramo ufa wa malambe, lowawasa loti mano kuyayamira. Anapita kuseri n'kuthyola kachipatso kamodzi. Pobweretsa madzi osamba m'manja anati, "Tafunani aka, a Soko, njere mulavule. Kamatsuka m'kamwa."

Mwamuna uja anatafuna monyinyirika, analavula njere, natenga supuni kuti alawe kamodzi n'kukankha mbale monga mwa masiku onse.

Phala linatsekemera.

Anaima kaye supuni ili m'kamwa. Analawanso. Kunali kutsekemera kwenikweni, kumene anali atakusowa miyezi yonseyo. Anayang'ana mkazi wake, ndipo Nambewe anayang'ana kumbali pobisa kumwetulira. Mwamuna uja anadya phala lonse mpaka kukombeza mbale ndi chala.

Nambewe anakondwa kwambiri. Koma mumtima mwa mwamuna wake munagwa chinthu cholemera, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Kwathu kuno wodwala timamuletsa zinthu pamene tikuyembekeza kuti achira. Achipatala akaitanira wachibale pambali n'kumuuza kuti palibenso chochita, zoletsa zonse zimathera pomwepo. Timati, mpatseni chimene mtima wake ukufuna. Munthu uja mwambo umenewu ankaudziwa bwino. Mkulu wake atadwala matenda omwewa, amene anaitanidwira pambali ndi iyeyo. Ndi iyeyo amene anakagula mabanzi ndi zakumwa za m'botolo, n'kumamwetsa mkulu wakeyo uku akumwetulira ngati palibe kanthu. Tsono analumikiza zimene anaona. Chitseko chinatsekedwa, mkazi anatuluka akulira, ndipo mkazi yemweyo, amene anakaniza shuga miyezi yonseyi, lero wathira yekha osapemphedwa. Anati mumtima mwake, basi, zanga zatha.

Sanafunse. Anaona ngati mkazi wake akuyesetsa kumubisira, ndipo anamumvera chisoni. Anaganiza kuti chabwino chimene angamuchitire ndi kukhala ngati sakudziwa, kudya zonse, ndi kuyamikira.

Masiku otsatirawo Nambewe anaphunzira kuphika kwachilendo. Kuti mwamuna wake amve kutsekemera, iye ankayenera kuwonjezera kuwawasa. Mu tiyi wakuda uja ankafinyiramo ndimu. Ankaviika bwemba m'madzi n'kusefa, ankagula chambiko, ankadula mango aawisi tizidutswatizidutswa. Thobwa lopanda shuga ankalisiya lisase kaye, pamene akazi ena akanalitaya. Tsiku lina anayesa kuphikira kachipatsoko m'phala momwemo kuti asavutike, koma moto unakapha mphamvu, ndipo phala analipatsa nkhuku mwamuna wake asanalione. Anaonanso kuti kachipatso kogonera sikagwira ntchito bwino, tsono ankathyola nthawi yomweyo yakudya. Mbalame zitayamba kupikisana naye, anafunditsa kamtengoko neti yakale ya udzudzu.

Zipatso zinali zochepa, ndipo iye sanadyepo ngakhale chimodzi. Ankakhala pamkeka pafupi ndi mwamuna wake, akudya phala lomwelo la malambe lili chiwawasire, osakwinya nkhope ngakhale pang'ono kuti asadziwike. Pamenepa ine ndimamugonjera mayi ameneyu. Yesani kumwa madzi a bwemba opanda shuga uku mukumwetulira, mudzandiuza.

Mwamuna ujanso anasintha. Analeka kukalipa. Akatha kudya ankati zikomo, mawu amene kale ankatuluka movuta ngati dzino lachibwano. Chikwanje chake chodulira nzimbe anapatsa mwana wa mlongo wake. Anatsimphina mpaka kwa mnansi amene anakangana naye kalekale za malire a munda, nakagwirana naye chanza. Kumeneko anamupatsa tiyi wa shuga weniweni, ndipo anamwa osakana, poti munthu womwalira aopanso chiyani. Pobwerera ankadutsira paokala kugula maswiti. Choopsa koposa n'chakuti mapiritsi analeka kumwa. Mkazi wake akamupatsa ankakhala ngati wameza, kenaka n'kumangirira pakansalu m'thumba la jekete. Ankaona kuti n'kulakwa kuwononga mankhwala pa munthu amene watha kale.

Ludzu lija linabwerera. Chilonda chinayamba kuda m'mbali ndi kutulutsa fungo. Nambewe anasokonezeka. Munthu akudya, mankhwala akumwa, nanga akutheranji? Anayamba kudziimba mlandu kuti mwina kachipatso kaja ndi kamene kakumupweteka. Ankapita kuseri n'kuima pakamtengo paja dzanja lili m'mwamba, osadziwa kaya athyole kaya asiye. Onse awiri anali ndi mantha, ndipo onse awiri ankamwetulirana.

M'mawa wina anali pakhonde, dzuwa litangoyamba kufunda. Nambewe anagwada akutsuka chilonda ndi madzi amchere. Mwamuna wake anamuyang'ana pamutu pamene imvi zinatulukira kunja kwa duku, ndipo sanathenso kupirira. Anapisa m'thumba, natulutsa kansalu kaja, nakamasula. Munali mapiritsi ambiri.

"Nambewe, mukapita kuchipatala mukabweze awa. Akathandize ena amene akadali ndi masiku."

Nambewe anayang'ana mapiritsi, nayang'ana mwamuna wake. "A Soko, awa ndi chiyani?"

"Musavutikenso kubisa, mayi. Ndinadziwa tsiku lomwe lija phala linatsekemera. Inenso achimwene ndinawagulira zotsekemera, ndikudziwa mmene zimawawira. Mwandisamala bwino. Sindikudandaula kanthu, koma ndimafuna ndikuthokozeni ndikadali ndi mawu."

Nambewe anamanga chilonda, anasamba m'manja, analowa m'nyumba. Anatuluka ndi mbale ya phala la malambe imene anali ataphika kale. Kuseri sanapiteko. Anaika mbale pamiyendo ya mwamuna wake, namupatsa supuni.

"Idyani."

Mwamuna uja anatapa supuni yodzaza, monga anazolowera masiku amenewo. Nkhope yonse inakwinyika, maso anatsinzina, ndipo anatsala pang'ono kulavula.

"Mwaiwala shuga?"

"Sindinaiwale kanthu. Phala ndi lomweli limene mwakhala mukukombeza ndi chala. M'nyumba muno shuga sanalowemo chichokere kuchipatala ulendo woyamba uja."

Anamugwira dzanja, namudzutsa, napita naye kuseri pang'onopang'ono, mbale ili kudzanja linalo. Anavundukula neti. Anathyola kachipatso n'kumupatsa, ndipo atatafuna anamutapira phala lomwelo ndi supuni yomweyo. Linatsekemera. Mwamuna uja anayang'ana mbale, anayang'ana kamtengo, nakhala pansi pachitsa.

"Tsiku limene ndidzakuthirireni shuga, a Soko, mudzadziwe kuti ndakutayani," anatero Nambewe. "Ine sindinakutayeni. Namwino uja anati mudye, muzimwa mankhwala, ndikhala nanu zaka zambiri."

"Nanga munkalira chiyani?"

"Ndinkalira kuuma mutu kwanu."

Mwamuna uja anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Nambewe anafuna kumudyetsa msanga phala lisanazizire ndiponso mphamvu ya kachipatso isanathe, koma iye anaphimba mbale ndi dzanja. Anati adikire. Anakhala pachitsa paja mbale ili pamiyendo, mkazi wake ali pambali pake, mpaka mthunzi wa nthochi unasuntha. Nthawi ndi nthawi ankalawa ndi nsonga ya supuni. Atamva kuti lilime labwerera mwakale, ndi pamene anayamba kudya. Anadya phala lozizira, lowawasa, nkhope ikukwinyika pa supuni iliyonse, ndipo sanasiye ngakhale pang'ono. Ankafuna kumva ndi pakamwa pake chimene mkazi wake wakhala akumeza pambali pake osadandaula. Ankafunanso kumva kuti akuletsedwabe. Atatha anatambasula dzanja napempha piritsi ndi madzi.

Tsiku lomwelo anapita kuchipatala. Chala chija chinali chitawonongeka kale, ndipo anachidula. Phazi linatsala, ndipo mwini wake anatsala.

Inu amene mumadwazika matenda, ndi inu amene mumadwazikidwa, nkhaniyi ndi yanu. Mwa anthu awiriwa palibe amene anada mnzake. Aliyense anabisa chifukwa cha chikondi, ndipo kubisako kunatsala pang'ono kukumba manda. Mukamachitira munthu zabwino, muuzeniko chimene mukuchita. Wodwala amayang'ana nkhope zanu ndi mbale zanu, ndipo mukakhala chete amadziuza yekha nkhani, kawirikawiri yoipa. Ndipo iwe amene kunyumba kwako kuli munthu wokukaniza, wokubwezera mbale imene wakankha, wokulondalonda ndi mapiritsi, leka kumutcha wouma mtima. Tsiku loti uope ndi limene adzakuvomere chilichonse. Lero ukafika, akakupatsa chowawasa, landira ndi manja awiri, udye. Munthu ameneyo akufuna kuti mawa udzakhalepo.